Dimba la Kumunsi

Lolemba, 8 Julayi

Chisanu. Nkhungu mpaka 9 koloko. Kalata ya Alile yafika kudzera ku parishi: amutenga ku koleji ya unamwino, ya mishoni, kumwera. Zaka zitatu. Akayambe pa 2 Sepitembala. Mng'ono wangayu wavina pabwalo kalata ili pamutu. Amayi anaseka naye, kenako analowa m'nyumba kukasankha nyemba zomwe anasankha kale dzulo.

Koleji si ya boma. Fizi yonse ndi yathu. Chomwe tili nacho choti munthu angachifune n'chimodzi, dimba la kumunsi. La kumtunda linagulitsidwa kale chifukwa cha ine. Zaka zinayi za digiri ya chitukuko cha kumidzi. Zaka zinanso zisanu ndili kumudzi komweko, kuphunzitsa Chingerezi pa sukulu yapulayiveti imene imalipira ikakumbukira. Makalata ofunsira ntchito ndinasiya kuwawerenga atafika 60.

Lachiwiri, 9 Julayi

Amalume a Dominiko abwera pa njinga. Bambo anali mkamwini, ndipo ali kumanda. Za nthaka ya mbumba yathu amagamula ndi amalume. Akuti a Kalisto, ogula kachewere a ku Chimbiya, akufuna kubwereka dimbalo, ndipo angathe kumalipira fizi mwachindunji chaka ndi chaka. Tikumane Loweruka pa 20.

Ponyamuka anati: "Ife kukolejiko sitinapondeko. Anapitako ndi Bernadetta. Atiuze yekha ngati kumathandiza. Chimene anene ndi chimene tichite."

Sananene mwachipongwe. Zikanapepuka akanatero.

Masiku 11. Sindikufuna kukayankha ndi mtima. Ndifufuza. Tinalemba mayeso a Fomu 4 tili anthu 46 mu 2014. Papita zaka khumi. Ndiona kuti aliyense ali kuti, amene anapita ku koleji ndi amene sanapite. Anthu ochepa kwambiri kuti ukhale kafukufuku weniweni, ndikudziwa. Komabe ndi anthu a nthaka ino, osati a m'malipoti olembedwa ku Lilongwe.

Lachinayi, 11 Julayi

Mayina 29 apezeka. Foni, gulu la kalasi lathu la pa Watsapu, ena kufunsa abale awo pachitsime. Mayunitsi atha kawiri.

Gracious anaganiza kuti ndikulemba anthu olandira makuponi. "Undilembe kawiri, mnzanga, ndi malemu agogo anga omwe." Nditamufotokozera anangoti, "Oo, ndiye ulembe kuti ndili moyo basi." Ana anayi, ekala imodzi, mwamuna ali ku Joni chaka chachitatu, foni yake sigwira.

Misheck amakhoma zidebe. Jerome kabaza ku Dedza boma. Atatu anamwalira. Za awiri a iwo sindinkadziwa n'komwe.

Lamulungu, 14 Julayi

Misa yoyamba ku Kasina. Potuluka, amayi a Magadalena a kwaya anagwira Alile dzanja: "Tamva, tamva. Koma usakabwere ndi pepala lokha ngati anzako." Anali akuyang'ana pansi ponena, osati ine. Amayi anafulumiza mapazi.

Ndazindikira chinthu chimodzi m'njira. Mudzi umaweruza koleji poona amene anabwerera. Amene zinawayendera sakhala kuno. Amaoneka pa maliro okha, galimoto ataimika kumsewu, ndipo pofika madzulo apita. Woonedwa tsiku lililonse, akutunga madzi, akukwera phiri ndi makope a ana, ndi ine. Umboni wonse wa dera lino ndi munthu mmodzi wa nsapato zosokedwa kawiri.

Masana ndalankhula ndi Sandra, namwino, yekhayo wa kalasi lathu. Anamaliza 2018, ntchito yokhazikika 2021. Pakatipo kugwirizira malo a ena, malipiro a apo ndi apo, kugona pabalaza kwa azakhali ake ku Lilongwe. Mawu ake: "Unamwino ndi wabwino, Berna, bola ukhale ndi podikirira. Alile ali ndi ndani m'tauni?"

Alibe. Inenso ndinalibe. Mayeso a ntchito anandiitana katatu. Kawiri ndinagona pa depoti.

Lachiwiri, 16 Julayi

Ndatseka. Apezeka 38 mwa 46.

Anapita ku koleji: 7. Olandira malipiro mwezi ndi mwezi 4: aphunzitsi a boma awiri, Sandra, ndi Clement wa ku banki. Mmodzi amagulitsa m'sitolo ya mwenye ku Joni, digiri ili m'sutikesi. Mmodzi anamwalira. Wachisanu ndi chiwiri ndi ine.

Sanapite: 31. Amene angathe kudwala mwezi wathunthu banja osagona ndi njala: 3.

Anayi mwa 7, atatu mwa 31. Sindimayembekezera kusiyana kotere. Ndinkaganiza kuti manambala andiuza kuti ndinapusitsidwa, ndipo mwina ndinkafuna atero.

Koma pali zina. Anayi aja onse anali ndi wachibale m'tauni. Anadikira zaka ziwiri, zitatu, zitatu, zisanu. Palibe ngakhale mmodzi amene kwawo anataya munda kuti aphunzire: ana a aphunzitsi, a kalaliki, mmodzi analipiriridwa ndi masisitere. Wotaya munda ndi ine ndekha, ndipo ndili pamzere wa pansi. Munthu mmodzi si umboni. Ndalemba zimenezi katatu m'mphepete mwa pepala.

Lachitatu, 17 Julayi

Ku Chimbiya kukagula mankhwala a BP a amayi. Ndakumana ndi a Kalisto pafupi ndi lole yawo, akuyang'anira anthu osoka matumba. Tinali kalasi limodzi. Mayeso analephera kawiri. Pa mndandanda wanga ali m'gulu la atatu aja. Pano ndimawatchula ndi a, iwo amanditchula madamu.

Anandigulira fanta. "Madamu, mukukumbuka ndinkakopera Chingerezi chanu mpaka ndi dzina lomwe?" Tinaseka. Za dimba sanabise: madzi a pamenepo saphwa ngakhale mu Okutobala, ndi chifukwa chake akulifuna.

Ndinawafunsa molunjika ngati iwo amaona kuti koleji imathandiza. Analoza lole: "Iyi yandipatsa ndi kachewere." Kenako anati: "Koma wanga wamkaziyo adzapita, ngakhale ndigulitse matayala onse. Ndatopa kusainira mapepala amene sindikuwamva."

Sindikudziwa kuti yankho limeneli ndiliike mbali iti.

Lachisanu, 19 Julayi

M'mawa kudimba ndi amayi, kuthirira. Madzi ozizira mpaka zala kuuma. Kachewere wachita bwino, masamba ayamba kufota, akumbidwa kumayambiriro kwa Ogasiti. Kabichi mabedi asanu, nyemba m'mphepete, mpiru.

Ndayang'ana dimbalo ngati mmene anatiphunzitsira, osati ngati mwana wa pakhomo. Chimanga cha m'munda wa paphiri chimatha mu Novembala. Kuyambira pamenepo mpaka Marichi timadya dimba. Feteleza wa chimangacho amachokeranso m'dimba momwemu. Mankhwala a amayi chimodzimodzi. Malipiro anga sangadaliridwe. A Meyi sanabwerebe.

Amayi ali ndi zaka 59. Zaka zitatu za sukulu, zitatu zodikira ntchito. Alile akadzatumiza ndalama yoyamba amayi adzakhala ndi 65, ngati zonse zayenda bwino, ngati sadzabwereza chaka, ngati mtima wa amayi ulola. Mwayi wa Alile ndi theka kapena kupitirira pang'ono. Njala ya amayi ilibe theka, ndi yotsimikizika.

Ndalemba chigamulo pansi pa pepala: asapite. Ayesenso makoleji a boma chaka chamawa. Ndikudziwa kuti mapointi ake safika, ndipo ndikudziwa kuti "chaka chamawa" kuno amatanthauza chiyani.

Alile wachapa siketi yake yakuda n'kuisita ndi makala, ngati msonkhano wa mawa ndi ulendo. Sanandifunse kanthu sabata yonseyi. Lero anangoti, "Asisi, tsitsi lanu lafika poluka. Bwerani." Wandiluka mizere isanu ndi umodzi, manja ofewa, osakoka. Pepala linali m'thumba la juzi yanga nthawi yonseyo.

Loweruka, 20 Julayi

Pakhonde, 10 koloko. Amalume pampando, amayi ndi amayi aang'ono pamphasa, Alile pakhomo. Ndawerenga zonse mwadongosolo: 38, 7, 31, zaka zodikira, Novembala mpaka Marichi, zaka 65. Ndinatsala ndi mzere umodzi kuti ndifike pa chigamulo.

Amalume anakweza dzanja. Anati manambala awamva, koma mutu wawo ndi wa khasu, ndiye afunsa za khasu. "Tinene kuti lero munthu wabwera nalo dimba la kumtunda, lonse, ndi nthochi zake zija. Akuti tengani, koma mwanayu abweze zonse zimene anaphunzira, akhale ngati sanapiteko. Iwe Bernadetta ungalole?"

Ndinati ayi.

Sindinaganize n'komwe. Linatuluka lokha, mofulumira, pamaso pa amayi amene dimbalo linali lawo.

Nkhuku inadutsa pamphasa, palibe anaiingitsa. Amayi aang'ono anayang'ana kumbali. Ndinayesa kubwerera ku pepala, ndinati komabe chimene ndalemba apa n'chakuti, koma amayi anandidula osakweza mawu. "Wayankha kale. Ndiye mnzakoyu walakwanji? Nonse ndinabereka ndine."

Amalume anawafunsa kawiri ngati akudziwa chimene akunena. Amayi anati akudziwa mwezi umene chimanga chimatha popanda kuuzidwa ndi pepala.

Alile sanavine. Analowa m'nyumba.

Lamulungu, 21 Julayi

Kutchalitchi sindinapite. Ndayesa kulemba chifukwa chimene ndinanenera ayi, kuti ndione ngati chili ndi mutu.

Laibulale yotsegula tsiku lonse, mabuku oti sungawamalize. Bedi langalanga zaka zinayi. Kudziwa chifukwa chimene feteleza amakwerera mtengo, m'malo momangomva kuti wakwera. Kuwerenga pepala la kuchipatala la bambo n'kudziwa kuti sachira, miyezi iwiri anthu ena asanadziwe. Ngakhale chimenecho sindingabweze.

Palibe chodyedwa pamenepa. Palibe chimene amayi anapindulapo. Ndinafunsidwa ngati koleji imathandiza, ndayankha ngati ndinaikonda. Mafunso awiri osiyana, ndipo ine ndi amene ndimayenera kudziwa kusiyanitsa.

Lolemba, 5 Ogasiti

Kachewere wakumbidwa, matumba 14. Womaliza. Pepala lobwereketsa dimba lasainidwa pamaso pa mboni zitatu. A Kalisto apempha zaka zinayi m'malo mwa zitatu chifukwa akulipiriratu, amalume avomera. Ndawerenga mzere uliwonse mokweza, palibe chachinyengo. Amayi adinda chala. Inki sinachoke mpaka madzulo, amangopukutira pachitenje.

Loweruka, 31 Ogasiti

Alile wapita. Minibasi ya 7 koloko pa Chimbiya. Sutikesi yanga yakale, bulangete, ndowa, mtedza wokazinga. Ndamulembera nambala ya Sandra. Pokwera anati, "Asisi, pepala lija munali musanamalize kuwerenga. Pansi pake panali chiyani?" Kondakitala anali akumenya chitseko. Ndinati manambala ena basi.

Amayi sanaperekeze. Akuti mawondo.

Lachiwiri, 10 Sepitembala

Sukulu zikadali zotseka, ndipo patchuthi salipira.

Masiku atatu tsopano amayi akutuluka m'mamawa ndi khasu, akumati akukasosa kuphiri. Lero ndinawatsatira kuti ndiwapatsire mankhwala amene anaiwala pawindo. Kuphiri kunalibe munthu. Ndawapeza kudimba la kumunsi, m'gulu la azimayi asanu ndi mmodzi aganyu, akupanga mabedi a a Kalisto. Amalipidwa pa bedi. Mpiru wonse wazulidwa, uli mulu m'mphepete mwa ngalande.

Woyang'anira ndi bambo wina wa ku Ntcheu, sadziwa aliyense kuno. Ndinamumva akuwauza kuti mabedi awo atalikirana kwambiri, akuwononga malo. Amayi anati pepani, n'kuyamba kugumula.

Atandiona sanachite manyazi. Anamwa mankhwala ndi madzi a m'ngalande. "Dothi ili ndikulidziwa, ndimamaliza msanga kuposa anzangawa. Mwana usamuuze, angasokonezeke ndi sukulu."

Ndawerenga mabedi awo: asanu ndi atatu pofika 10 koloko. Milomo yotuwa. Akakhala pansi amapumira m'kamwa. Pa BP yawo, ntchito yotere masiku asanu pa sabata, sindikufuna kumaliza kuwerengera.

Alile watumiza chithunzi masana, wavala yunifolomu yoyera, yaikulu pamapewa. Akufunsa za amayi. Sindinayankhebe.

Woyang'anira uja akuti akufunika anthu ena awiri kuyambira mawa. Ndamufunsa ngati mabedi a anthu awiri a nyumba imodzi angawerengedwe pamodzi, wina akatopa azikhala pansi. Wati zilibe kanthu kwa iye, bola mabedi. Anatulutsa kope kuti alembe dzina langa, kenako anandifunsa ngati ndingathe kulemba ndekha.

Ndinati ndingathe.