Nyuzipepala Inati Lasitoni Wagwidwa

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno tilipo. Dzanja ndi la mdzukulu wanu Esinati, koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza kuti asakonze ngakhale amodzi. Nandolo chaka chino wabereka mpaka nthambi kugona pansi. Kalongonda munasiya mbewu yake uja tikudyabe, kungoti palibe amamuphika ngati inu.

Tsono imvani za mwana wanga Lasitoni, wa ku Limbe uja. Mwezi watha ndinagula mchere kwa mmwenye pa Chonde, ndipo anandikulungira m'nyuzipepala ya Chizungu. Esinati pomasula anaona dzina la mlongo wake. Ndinati awerenge mokweza. M'Chizungu chonsecho ndinatolamo liwu limodzi, lakuti heludi. Sukulu sindinaipondeko, Amayi, koma ku esiteti ya tiyi ndinakalambirako. Mzungu akakuwa kuti holodi ndiye kuti gwira: gwira hatchi, gwira makwerero, gwira wakuba. Esinati anavomera kuti heludi ndi holodi yemweyo, koma wadzulo. Basi ndinati mwana wanga wagwidwa. Masiku ano anyamata akutengedwa chifukwa cha misonkhano, ndipo Lasitoni pakamwa anatengera inuyo.

Esinati anafuna kundimasulira zotsalazo, ine ndinamuletsa. Ndinamuuza kuti Chizungu ndinayamba kuchimva iye asanabadwe. Paja munkati makutu anga ndi okongoletsera mutu. Ndinamanga bulangete ndi chinangwa chootcha, zoti mkaidi akagonere ndi kudya, n'kukwera lole mpaka ku Limbe.

Kupolisi anati dzinalo alibe. Ndinawauza kuti asandibisire mwana, pepala ndili nalo ili, mchere ukadali m'makona. Wapolisi anawerenga, n'kuseka mpaka chipewa kugwa. Wogwidwa sanali Lasitoni ayi, inali dansi! Pepalalo limati mu holo munachitika dansi, ndipo woimba gitala anali Lasitoni. Akuti anyuzipepala amalemba choncho: msonkhano augwira, ukwati augwira, ngakhale maliro awagwira. Ndinamufunsa kuti dansi amaigwira pati, kukhosi kapena kumchira? Anangondibwezera pepala langa. Ndiye kuti wopambana ndinali ine.

Lasitoni ndinakamupeza kunyumba kwake, wonenepa, wopanda unyolo. Ndinafika ndi mawu aukali m'kamwa, oti munthu wamkulu sachititsa bambo ake manyazi ndi gitala. Koma m'nyumba munali kulira khanda. Mpongozi wanu, mkazi wa Lasitoni, anali atangochira kumene, mwana wamkazi, ndipo uthenga unali usanafike kumudzi. Chipumi ndi chanu, kakwinyidwe ka nkhope ndi kanu. Bulangete la mkaidi lija ndi limene tinamufunditsa. Anati ndimutche dzina, ndipo ndinamupatsa lanu, limene pakamwa panga sipangatchule. Atandiikira mwanayo m'manja, ndinamuuza Lasitoni kuti holodi weniweni ndi ameneyu, akawauze anzake a nyuzipepala.

Esinati akuseka polemba izi. Aseke, koma alembe kuti sindinalakwe. Chosauka ndi Chizungu, chimene chili ndi liwu limodzi la wakuba ndi la dansi. Ndikanamvera iye, bwenzi ndikanamuona liti mwanayo?

Tikamaliza kukolola ndidzabwera naye kudzasesa pamanda panu, kuti mudzione nokha mutabwerera. Madzulo ake tidzavina tchopa pabwalo. Tidzavina, Amayi, sitidzaigwira.

Ndine mwana wanu wokukondani, wa makutu aja,
Namakhwa