Cholembera Chimene Ndinaika Patebulo

Kettle Ford, Wisconsin
9 Epulo

Okondedwa achemwali Lovina,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata pamene muli ndi khanda m'manja. Ngati alamu sangakondwe kuiona, mukaiwerengere kukhola, kenako muiotche. Ndayamba ndalemba papepala lina kuti ndisalakwitse.

Ine ndi mwana wanga Elsie tili bwino. Ali m'kalasi yoyamba tsopano, ndipo amandikonza Chingerezi. Ndikugwirabe ntchito m'khitchini ya sukulu yake, koma mwina mpaka Juni basi.

Sukuluyi yakalamba. Denga limadontha, ndipo mu Januwale chotenthetsera chinafa masiku anayi, ana n'kumaphunzira atavala majasi. Ndiye akuluakulu a sukulu anaitanitsa referendamu, kuti anthu avomere kukweza msonkho wa malo timange yatsopano. Anati anthu akakana, sukulu itsekedwa, ana azikwera basi ola lathunthu kupita kutauni ina. Ine galimoto sindinaphunzirebe, ndipo basi ya ana sitenga ophika.

Mayi Kowalke, amene amandiyang'anira kukhitchini, anandilembetsa kuti ndikathandize tsiku la voti. Anati, "Saloma, iwe pakamwa pako mpolemera, ndiye uzingogawa zolembera. Imeneyo ngakhale mphaka angaithe."

Tsikulo ana ataweruka, ndinamva ziboda za akavalo panja. Achemwali, mukudziwa kuti anthu a mpingo wakwathu savota. Koma Lachiwiri la votilo ngolo zawo zinafika khumi ndi zinayi, chifukwa msonkhowo ukanagwera minda yawo pamene ana awo amaphunzira kusukulu ya mpingo. Sindikuwadzudzula.

Bambo athu anali achitatu pamzere. Ndevu zawo zayera zonse. Papita zaka zisanu ndi ziwiri ndisanawaone pafupi chonchi, moti ndinaiwala, n'kutambasula dzanja ndi cholembera. Iwo anangoima, manja kumbuyo. Apo ndinakumbukira kuti chichokereni ine mumpingo, saloledwa kulandira kanthu kuchokera m'dzanja langa. Ndinachiika patebulo, iwo n'kutola.

Sanandiyang'ane. Anatembenukira kwa Mayi Kowalke. "Kodi antchito anu akukhitchini simuwapatsako chakudya? Uyu watha bwanji chonchi?"

"Timawapatsa, bambo, koma supu yathu ndi ya madzi apadenga. Kachongeni pa Inde, muona anenepa!"

Anthu anaseka. Bambo sanaseke. Atavota anabweza cholemberacho pamalo pomwe ndinachiika, n'kutuluka. Elsie anali pakona akujambula, atavala chipewa chofiira. Sindinawauze Bambo kuti ndi mdzukulu wawo, iwonso sanafunse.

A Ayi anapambana ndi mavoti asanu ndi anayi.

Tsopano ndikuuzeni chimene sindinauze munthu. Nthawi yanga itakwana, ndinalowa kovotera ndi pepala langa. Kuchonga Inde kunali ngati kukwezera Bambo dzanja, kuchonga Ayi kunali kulanda Elsie sukulu. Ndinaima mpaka wina anakhosomola kumbuyo kwanga, ndipo ndinaponya pepalalo lopanda kanthu. Voti imodzi sikanasintha zinthu, ndawerengera pazala kangapo konse. Koma zotsatira zitatuluka, Mayi Kowalke anandikumbatira akulira, amvekere, "Ife tinayesetsa, mwanawe."

Iwo akuti tidzayesanso mu Novembala. Koma aphunzitsi awiri apeza kale ntchito kwina, ndipo dzulo kunabwera munthu kudzayeza mafiriji athu.

Ndili ndi pempho limodzi. Amayi amakulemberani mwezi uliwonse. Muwafunse mwanzeru ngati Bambo atafika kunyumba ananditchulako, ngakhale kungoti ndaonda. Muwafunsenso ngati anaona mwana wa chipewa chofiira. Cholembera chija ndinachitenga, ndipo ndi chimene ndikulembera. Sindinabepo kanthu kena m'moyo wanga.

Moni kwa ana onse, ndi kwa alamu ngati angaulandire. Chonde yankhani msanga, Juni asanafike, chifukwa akadutsa sindikudziwa kuti kalata idzandipeza kuti.

Ndine mng'ono wanu,
Saloma