Maungu a Padzala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Ife kuno tiliko, ndipo mwana wanu akukula.

Dzala lalikulu lija la kuseri kwa nyumba simungalizindikire. Analikwirira ndi dothi la makande, n'kuzika mapaipi otulutsa mpweya woipa. Ineyo anandilemba ntchito yobzala bango m'maiwe momwe mumatsikira madzi akuda aja ochokera m'dzalamo. Akuti mizu yake imayamwa poizoni, ndipo zoonadi madziwo akumatuluka oyera. Fungo latha, mbalame zabwerera.

Sabata yatha tikumweta bango, ndinapempha akapitawo kuti nditengereko mbuzi masamba. Anakana. Anati, "Mayi, chomera pano chisalowe m'kamwa, ngakhale mwa mbuzi."

Mukukumbuka maungu onenepa aja ankamera okha padzalapo? Tinkati Mulungu watikumbukira. Chichokereni inu, mwana wanu ndakhala ndikumuphikira omwewo, poti amawakonda.

Musade nkhawa, akusewera ndi anzake. Kungoti akumadandaula m'mimba, ndipo aphunzitsi akuti wayamba kuiwalaiwala. Lachisanu ndipita naye kuchipatala akamuyeze magazi.

Mukapeza mpata mubwere, mudzaone mbalamezo.

Ndine mng'ono wanu.