Chikwama cha mkazi wanga anamusankhira ndi mwamuna wina

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 38, ndili pabanja zaka khumi, ndipo ndikuchita manyazi kuti nkhani yandibweretsa kwa inu ndi ya chikwama.

Mkazi wanga ndi mphunzitsi. Amakwera maminibasi awiri popita kusukulu, awirinso pobwera, kenako n'kuyenda pansi kamtunda ndithu. Chaka chatha pa tsiku lake lobadwa ndinamugulira chikwama cha m'manja chachikopa, chofiirira, cha zitsulo zonyezimira. Ndinazungulira masitolo anayi kuti ndichipeze. Ankachinyamula tsiku lililonse, ine n'kumanyadira ndikamuona akutuluka pageti.

Mwezi wathawu ndinangoona wafika atabereka chikwama chakuda cha kumsana, chonga cha ana asukulu. Nditafunsa anati, "Anandiperekeza kokasankha ndi a Sayansi. Anaona kuti ndikuyenda chopendekera." A Sayansiwo ndi mphunzitsi mnzake wamwamuna wa phunziro la sayansi, amene amakwera naye minibasi yachiwiri. Chikwamacho anagula yekha, sindikukana, koma wosankha anali iwo.

Kuyambira pamenepo pakhomo sitipuma. "A Sayansi akuti malamba azikhala otambalala." "A Sayansi anachithira madzi m'sitolo momwemo kuti tione ngati chimalowa mvula." Changa chija chili pamsomali kuseri kwa chitseko, tikuikamo mabatire akutha. Aphungu, nsanje yandigwira ndipo sindikubisa. Munthu angaone bwanji kuti mkazi wa mwini akuyenda chopendekera ngati samamuyang'ana kumbuyo?

Chakudacho ndinachisecha. Chili ndi kathumba kobisika kumsana, ndipo ndinati pano pokha ndagwira mbava. Ndinangopezamo mankhwala opaka paphewa ndi kapepala ka kuchipatala ka miyezi itatu yapitayo. Cha chibwenzi munalibe, koma mtima sunatsike. Lamlungu iye akuchapa panja, ndinatenga lezala n'kudula ulusi wa lamba mmodzi, kuti chikaduka abwerere ku changa.

Chinaduka Lachiwiri padepoti, mvula ikugwa. Makope a ana anamwazikira m'matope. Womutolera anali a Sayansi omwewo, ndipo ndi iwonso anapita nacho kwa wosoka nsapato. Pano ndi cholimba kuposa kale. Madzulo ake mkazi wanga anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo a mwana, wosoka uja akuti lambayu sanathe yekha, wachita kudulidwa." Tsopano amachikiyira mu wadiropu, ndipo sabata yonseyi amangondiyankha "ee" ndi "ayi".

Kodi ndimuletse kuchinyamula? Kapena ndigule china choposa cha a Sayansicho? Ngati ndi choncho, ndikayang'ane chotani?

G.L., wa kuseri kwa depoti

Bambo G.L.,

Mwasecha chikwama, mwapeza umboni, koma simunauwerenge. Kapepala ka kuchipatala kaja ndiye nkhani yonse. Mkazi wanu wakhala akudwala phewa miyezi itatu, akupita kuchipatala osakuuzani, akunyamulabe chikwama chanu chokongolacho kuti musakhumudwe. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Inu munasankha chikwama chokomera maso anu mutaima pageti, pomwe iye ankaunjikamo makope makumi asanu, ambulera, botolo la madzi ndi chakudya chamasana, zonse paphewa limodzi.

Funso lanu lija ndikubwezerani. A Sayansi anaona kupendekerako pamsewu. Nanga inu amene mumagona naye chipinda chimodzi, simunamve ngakhale fungo la mankhwala opaka? M'kalata yanu sindikuonamo chibwenzi. Mkazi wobisa chibwenzi satchula dzina la mwamunayo katatu patsiku pamaso pa mwamuna wake. Chimene chikukupwetekani n'choti wina waona zimene munayenera kuona ndinu, ndipo ululu umenewo ndikuumvetsa. Koma lezala si mankhwala ake.

Yambani n'kuulula, lero lomwe. Akudziwa kale, akungodikira kuti aone ngati muli ndi mtima wonena. Musati "mwina mwana ankaseweretsa", musatinso "unandichititsa ndiwe". Nenani kuti munadula ndinu, chifukwa cha nsanje, ndipo mupepese za makope a ana aja, poti amene anachita manyazi pamaso pa kalasi ndi iye. Mukatero mufunse za phewalo, ndipo tsiku lobwerera kuchipatala mupite naye.

Za kumuletsa, iwalani. Kugula china kuti mupikisane ndi a Sayansi, iwalaninso. Chimene ali nachocho n'chabwino, ndipo mwachifotokoza nokha. Malamba otambalala, ofewa, amagawa katundu pamapewa onse awiri. Nsalu yosalowa madzi imateteza makope. Kathumba kobisika kamene munakakayikira kaja ndi ka foni ndi makiyi, kuti a zala zazitali asapisemo m'minibasi yodzaza. Chikadzatha, mudzapite nonse awiri kusitolo ndi katundu wake weniweni, mumulongedze momwemo, achibereke, ayende nacho. Mudzayese mazipi ndi misoko ya malamba, poti misokoyo mukuidziwa bwino tsopano. Iye adzasankhe, inu mudzangonyamula.

Chachikopa chija chotsanimo mabatire, muchipukute, mumutengere mayiyo kokacheza Loweruka. Ntchito yake ndi imeneyo.

Lolemba likubwerali mupemphe kuti mumuperekeze mpaka kusukulu, chikwamacho mubereke ndinu, chili chodzaza. Mukwere maminibasi onse awiri, muyende ndi kamtunda kaja. Mukakumana ndi a Sayansi muwapatse moni ndi manja awiri, muwathokoze. Zikuwawani, koma simufa nazo. Ndipo ngati kutchulatchula dzina lawoko kumakulasani, muuzeni mkazi wanu ndi pakamwa, modekha. Angathe kusiya, pakuti mwina sakudziwa n'komwe.

Chenjezo langa ndi ili. Mkazi akayamba kukiyira katundu wake m'nyumba mwake momwe, ndiye kuti wayamba kuopa amene akukhala naye. Musalole sabata yachiwiri ithe muli chete. Mukapitiriza kusecha ndi kudula, tsiku lina adzalongedza chikwama chachikulu kuposa ichi, ndipo chimenecho sadzafuna womusankhira.

Aphungu