Belu la m'chipinda chaching'ono

Lachiwiri, 4 Malichi

Nyumba yachitatu lero. Mapazi moto. Ejenti wogulitsa nyumba uja, Bambo Suti, thukuta mpaka m'kolala koma jekete savula, akuti, "Iyi ndiye yeniyeni, achemwali." Pa ziwiri zoyamba zija ananenanso chimodzimodzi.

Dera labwino, ndisaname. Misewu yatala, mipanda yamaluwa, agalu onenepa kuposa ine. Nyanja yamchere siioneka, imangomveka fungo. Chitsulo chilichonse dzimbiri lokhalokha: geti, loko, ngakhale msomali. Mchere umadya zonse kuno.

Ntchito yanga kunyamula foni m'mwamba kuti achimwene aziona ali kudziko lakunja kuja. "Tembenuka. Bwerera. Onetsa khomo la bafa." Ndalama zawo, miyendo yanga. Za denga sanafunse, za khitchini ayi. Masitepe okha ndi kukula kwa zitseko. Kaya masitepe anawalakwira chiyani.

Nkhani yanga ndi iyi: sukulu ya zamagetsi yandilandira. Tiyamba pa 7 Epulo, kutauni yakumtunda, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Sindinauze munthu. Ndimangomwetulira ndekha ngati wamisala.

Lachinayi, 6 Malichi

Za masitepe zija ndazimvetsa.

Nyumbayo ndi yosungiramo bambo. Inde, omwe aja. Anatisiya ine ndili kupulayimale, kukakonzera mawailesi kwa mkazi wina. Pamaliro a mayi anatumiza uthenga wakuti basi yawasiya. Tsopano sitiroko yawapha mbali imodzi, ndipo mkazi uja wawabweza ngati wailesi yakufa.

Achimwene mawu ofewa ngati a m'busa. "Nyumbayi tiilemba dzina lako, mlongo wanga. Ndi mphatso." Alamu anga kumbuyo akuthira ndemanga: "Anzako msinkhu umenewo alibe ngakhale mpando."

Ndawauza za sukulu. Achimwene akuti, "Tipeza munthu wowasamalira, iwe ungoyambako." Kuyambako. Ndi mmene anamuuzira bulu tsiku lomwe anamumanga pangolo.

Loweruka, 8 Malichi

Takaonanso yachitatu ija. Lero tinapeza mwini wake. Mayi woonda, imvi zoyambirira, alibe mphete, maso ngati sanagonepo chibadwire. Wasamalira mayi ake m'nyumbamo kuyambira ali mtsikana mpaka chaka chatha pomwe anamwalira.

Chipinda chachikulu cha wodwala. Pambali pake kachipinda, bedi limodzi ndi kazenera koyang'ana mpanda. Pamutu pa bedi lalikulu pali batani. Waya woyera wakwera khoma, wadutsa pamwamba pa chitseko, wakathera pa belu m'kachipinda muja. Ntchito yaukhondo, tizitsulo togwira waya tili pamzere. Ndinayamba kuisirira, kenako ndinazindikira amene adzagone pansi pa belulo.

Bambo Suti anadina. Ngrrrii! Mayi uja anadzidzimuka, mwendo unali utaponya kale kulowera kuchipinda chopanda munthu. Anaseka mwamanyazi. "Ngakhale njinga ikaliza mumsewu ndimadzambatuka."

Achimwene pafoni kukondwa ngati apeza golide. "Ndiye yomweyo! Belu lilipo kale!"

Potuluka ndinamufunsa mayi uja kuti akagulitsa apita kuti. Anayang'ana msewu nthawi yaitali. "Kaya, mwana wanga. Sindinaganizepo."

Lachitatu, 19 Malichi

Ndasaina kwa loya. Dzanja silinanjenjemere, ndipo zandinyansa kuti silinanjenjemere. Mwini nyumba, ine. Kuntchito kushopu ya mafoni anzanga akuti ndiwagulire zakumwa. Mnzanga Kamfupi yekha ndiye wanena zoona: "Iwe, sanakugulire nyumba. Agula iweyo, nyumbayo ndi bokosi lake."

Munthu wowasamalira uja akusakidwabe, akutero achimwene. Akusakidwira kunja konko, kapena m'mwezi.

Lamlungu, 23 Malichi

Abwera nawo bambo. Amalume ndi dalaivala anawanyamula ngati thumba la simenti lonyowa. Ndinkakumbukira chimunthu chachitali, mawu ngati bingu. Uyu ndi kankhalamba, pakamwa popotoka, dzanja lamanja lili lende. Katundu wawo yense chikwama chimodzi ndi kabokosi ka zida: pulayala, masikuludalaiva, tepi wakuda. Azikonza nazo chiyani, mphepo?

Anandiyang'ana nkuti, "Wakula." Ndinati anthu amakula, ngakhale osawathirira.

Amalume pochoka: "Magazi ndi magazi, mphwanga." Eya. Koma matewera ochapa ndine.

Lachinayi, 27 Malichi

Ngrrrii madzi. Ngrrrii pilo waterereka. Ngrrrii kuchimbudzi. Ngrrrii ndayiwala chimene ndimafuna. Ntchito kushopu ndasiya, abwana atopa ndi kupempha kwanga.

Zovala pachingwe siziuma, zimangonata mchere. Kiyi wa pageti akulimba tsiku ndi tsiku, ndimachita kumuthira mafuta ophikira. Oyandikana nawo amangokweza dzanja ali m'galimoto, magalasi otseka. Nyanja akuti ili kuseri kwa misewu iwiri. Sindinaione.

Dzulo ndikusintha fyuzi ya ketulo ndinawapeza akundiyang'ana manja. "Manja angawo," anatero. Ndinatsala pang'ono kuwaponyera ketuloyo. Zonse anatenga popita, manja okhawa ndiye akufuna kuwalondola?

Lolemba, 31 Malichi

Sabata imodzi yatsala. Achimwene: munthu anapezeka koma akudula kwambiri, ndipo alamu akuti wantchito amaba. "Sukulu siithawa, chaka chamawa iliponso." Ndinawafunsa ngati iwo anadikira chaka chamawa pokwera ndege. Foni inaduka. Netiweki yakunja imadziwa nthawi yodukira.

Ndatenga pulayala m'kabokosi kawo komwe, ndakwera pampando, ndadula waya pamwamba pa chitseko. Thapu. Kukoma kwake!

Chikwama ndalongedza. Lamlungu ndikwera basi, achimwene aone chochita ndi bambo awo.

Lachitatu, 2 Epulo

Nyumba zii. Chakudya ndimawapatsa nthawi yake, mankhwala nthawi yake, kuwasambitsa m'mawa. Kupitirira apo ayi. Sanafunse kanthu.

Chodabwitsa, ndikumvetsera kwambiri kuposa kale. Bedi likalira, ndaima. Akatsokomola, ndaima. Mpopi ndimatsegula pang'ono kuti usandigonthetse. Mayi woonda uja bwenzi akundiseka.

Lachisanu, 4 Epulo

Masana ndinapita kukagula tikiti. Ndinachedwa dala. Ndinazungulira misewu iwiri ija, nkuiona nyanjayo. Madzi basi, ambirimbiri, opanda ntchito. Ndinakhala pamchenga mpaka njala.

Pobwera ndinawapeza pansi, pakati pa bedi ndi khoma. Atadzinyowetsa, chipumi chotupa, milomo gwa. Ankafuna kudzipitira okha kuchimbudzi. Pabatani pali magazi, chala chachikulu chinachita kusupuka nkudina. Sankadziwa kuti ndatuluka.

Ndinawadzutsa, kuwasambitsa, kuwamanga chala. Mwatsoka achimwene anaimba, nkuona chipumicho. Ukali! "Belu lija ntchito yake nchiyani? Iwe unali kuti?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwalavulire zonse. Bambo ananditsogolera, ndi lilime lawo lolemeralo. "Belu lafa lokha. Ndi mchere wa kunoko, wadya waya. Mwanayu musamukalipire."

Mchere! Munthu wokonza mawailesi moyo wake wonse. Waya ali lende pamwamba pa chitseko, moyang'anana ndi pilo wawo, wodulidwa bwinobwino, mkuwa ukuwala. Akhala akumuona kuyambira Lolemba. Nanga ankadiniranji? Kapena munthu ukagwa umadina basi.

Akanandinenera bwenzi zili bwino. Bwenzi nditakwera basi mtima uli mbee. Ndani anawapempha kundiikira kumbuyo? Zaka zonse zija ndinkafuna wondiikira kumbuyo anali kuti? Lero ndiye abwere ndi kabodza kamodzi, kotchipa, kuti andimange nako miyendo.

Lamlungu, 6 Epulo

Basi yapita. Kamfupi akuti ndine chitsiru. Sindinatsutse.

Lolemba, 7 Epulo

Pano anzanga akulandira maovolosi, akuuzana mayina. Ine pampando, pulayala m'manja. Ndasenda nsonga ziwiri zija, ndazipota, ndakulunga tepi wakuda. Iwo ali chigonere, maso pa manja anga. "Potanso kamodzi, ingamasuke." Ndinati sindinafunse mphunzitsi. Ndinapotanso.

Ntchito yanga yoyamba ya zamagetsi. Yaukhondo, ngakhale mwini waya atabwera sangadandaule.

Sindinawakhululukire. Ndilembe pano kuti tsiku lina ndisadzanamizidwe ndi mtima wanga: sindinawakhululukire, achimwenenso ayi. Chikwama sindimasula. Ndikaimbira kusukulu ndifunse ngati malo angandisungire mpaka mwezi wa

Belu lalira.