Chitenge cha Kampeni

Lachitatu, mkati mwa kampeni. Tsiku loipa, mpaka pano nkhope ikundiyaka ndi manyazi.

M'mawa mu minibasi yochokera ku Bwacha ndinalongolola ngati wailesi. Ndinkadzudzula mkulu uja akufuna upulezidenti, wolonjeza kutsitsa mtengo wa unga. Ndinati adzautsitsa bwanji, poti yemweyo akufuna kukweza msonkho pa ndalama zotumiza pafoni? Ife ogulitsa tinsomba ta kapenta timaoda ku Mpulungu, ndipo timalipira pafoni pomwepo. Akatidula pamenepo, kapenta adzakwera, unga osatsika. Anthu anavomereza, wina mpaka kuwomba m'manja. Ndinayamba kudzimva.

Potsika pamsika, ba Mwansa, amene timayandikana matebulo ndipo anali m'minibasi momwemo, anandigwira pamkono n'kufunsa mokweza: "Amake Tisa, mwakamba zoona. Manje uyu ali kumbuyo kwanu ni ndani?"

Ndinali nditavala chitenge cha mkulu yemweyo, chija tinkalimbirana pamsonkhano wake Loweruka. Ndinachivala chotembenuza, koma nkhope yake imaonekabe, ikumwetulira onse otsika pambuyo panga. Anaseka mpaka kondakitala.

Za msonkhozo sindikubweza ngakhale liwu limodzi. Koma chitengecho n'cholimba, ndipo changa chakale chinang'ambika. Cha kampenicho ndachichapa, chili pachingwe. Kaya mawa...