Bere la Nyenyezi laphwa

Mwana wanga Lazaro,

Landira moni pamodzi na mkazi wako na ana kumeneko ku Kitwe. Ife kuno ku Palabana tili bwino, kupatula mawondo angawa amene akali kutupa m'mawa.

Ng'ombe yako Nyenyezi inatiopsa mwezi watha. Bere linatupanso, linatentha, mkaka n'kumatuluka wamagazi. Atate ako anayamba kukamba zoigulitsa kwa opha nyama. Ine ninakana, ninati, "Iyi ni ya Lazaro, tiyambe taitana ba dokotala a ziweto."

Anabwera pa njinga n'kuibaya jekeseni. Ndiye anati, "Amai, ng'ombe ikasowa seleniyamu m'thupi, bere limatupa kawirikawiri ndipo limachedwa kuphwa. Mwina udzu wa pano ulibe wokwanira." Anatiuza kuti tigule mchere wonyambita ng'ombe wokhala na seleniyamuyo. Tsopano bere laphwa, tikama m'mawa na madzulo, ndipo za mpeni sizikambidwanso.

Ninawafunsa ngati naine ninganyambiteko chifukwa cha mawondo. Anaseka, anati, "Ayi amai, ikachuluka ni poizoni. Inu muzidya mazira na kapenta, koma mawondowo mukaonetse kuchipatala cha mishoni." Nizapita Lachiwiri. Atate ako anamva zonsezi, moti dzira loyamba la tsiku ni langa, ngakhale amaliyang'ana mpaka nitameza.

Ukapeza wobwera kuno, umupatseko chithunzi cha khanda, sininalione. Mulungu akusungeni nonse, makamaka iwe ukamalowa pansi mumgodi.

Ndine mai ako,
Amake Lazaro